Ndinadyetsa Maso Ndiwo

Sendezani mipando kuno kukhonde, adzukulu anga, sendezani ndikuoneni. Ndati ndikuoneni, osati ndikupapaseni. Iwe Tadala, batani lachiwiri la bulauzi yakoyo walisoka ndi ulusi wofiira pamene enawo ndi woyera. Umayesa sindiona? Ndikuona, mayi wanga, ndikuona! Ndikuona mbuzi ya eni ake ikudya mpanda wanga uko, ndikuonanso iwe Yamikani ukubisa foni kunsi kwa ntchafu. Itulutse, uiike apo, siithawa. Lero ndikuuzani za maso angawa, mmene ndinatsala pang'ono kuwapha ndekha, ine mwini wake, popanda mfiti, popanda mdani.

Ine ndinabadwira kumunsi uko, ku Shire, kumene dzuwa limaotcha mpaka nkhuku kuyenda kukamwa kuli yasa. Kwathuko maso anali matenda a aliyense. Ikafika nyengo ya fumbi, ana tonse tinkadzuka zikope zitamatana ndi manthongo, ntchentche zikutiperekeza ngati tili pa ukwati. Chipatala chinali ulendo wa tsiku lathunthu, wapansi. Ndiye mankhwala anali pakhomo pomwepo. Mayi aliyense woyamwitsa anali dokotala: kukugoneka pamiyendo, kukutong'ola diso, tsiii, mkaka wa m'bere. Kachitsotso kakakugwera, azakhali ankakachotsa ndi lilime. Mukukwinya nkhope chiyani? Lilime la azakhali anga linali laluso kuposa zala zanu zotosa mafonizo. Ena ankathira madzi a fodya, ena masamba a matimati, ena khungwa la mtengo uwu ndi uwo. Wina ankachira, wina diso linkayera mbee mpaka kumanda, ndipo tinkangoti ndi mmene Mulungu anafunira. Panalibe wofunsa ngati chapha disolo ndi matenda kapena mankhwala.

Koma kudya kokha, aaa, tinkadya! Mango tinkachita kupondaponda, maungu mpaka kukoledwa nawo. Ndipo pakhomo lililonse panali mtengo wa chamwamba, umene kwathu timati sangowa. Masamba ake otendera, ana inu, ukadya umayiwala kuti uli ndi apongozi ovuta.

Ndinabwera kuno ndi sitima, ndili mtsikana wa chaka chimodzi pabanja, kutsatira malemu agogo anu aamuna amene anapeza ntchito yophika m'nyumba ina ku Sunnyside. Sitima ija inkakwera phiri ikulira ngati nayo ili ndi pakati. Pamutu mtolo wa mphasa, m'manja nkhuku, ndipo m'kachitini ndinali nditazika kanthambi ka sangowa, poti amayi anati, “Kutauni ukadya chiyani? Nyumba zosanja?” Ndikutsika pa Limbe, ndinapeza dziko lonse lili mbuu, loyera, lozizira. Ndinagwira agogo anu pamkono, ndimvekere, “Tiyeni tibwerere, tauni yanu ikupsa!” Iwo kuseka. “Si utsi uwu, ndi chiperoni.” Ine mano ali gwegwegwe, ndili ndi kansalu kamodzi.

Tinayamba kukhala ku Nkolokosa, chipinda chimodzi. Ine manja oyabwa, sindikanatha kungokhala. Ndinasenza dengu la masamba n'kumazungulira nalo m'misewu ya ku Sunnyside, pansi pa mitengo ikuluikulu ija, agalu akuuwa kuseri kwa mipanda. Ena ankangokuwa kuti masambaaa. Ine ayi, ine ndinkaimba:

Nkhwani wa lero, wa lerolero,
bonongwe wanthete wosalira soda,
tulukani amayi, ndikupitirira!

Ndipo ankatuluka! Kenako ndinapeza benchi mumsika wa Limbe, ndipo Mulungu anandiika pafupi ndi Abiti Saidi, mayi wachiyao wogulitsa mpunga ndi anyezi. Iwo Asilamu, ine wa kutchalitchi. Iwo kusala kudya mwezi wathunthu, ine kubisala kuseri kwa matumba podya chinangwa kuti ndisawalakwire. Tinakalamba limodzi pa mabenchi awiri aja. Ana awo ndinawabereka kumbuyo, anga anawakwapulapo, ndipo mpaka lero sitinayambanepo kupitirira tsiku limodzi.

Tsono ng'ala, adzukulu anga, sibwera ndi ng'oma. Imabwera ngati mlendo waulemu, kukhala pakhonde osalankhula. Inandiyamba kumanzere kuno, agogo anu atatisiya kale, ine nditasamukira kuno ku Nancholi. Poyamba ndinkati ndi utsi wa mbaula. Kenako singano inayamba kubisa bowo lake. Kenako ndikasankha mpunga, miyala inkatsala, mpunga n'kumataya. Bambo anu anatsala pang'ono kusiya dzino m'mbale. Chiperoni chija ndinachiona pa Limbe chinali chitalowa m'diso, osatulukanso ngakhale dzuwa liwale. Lakumanjali ndi limene linkandiyendetsa, ngakhale nalo linali litayamba ulesi.

Tsiku lina pa siteji ya minibasi ndinaona munthu wamtali wovala zakuda ataima. Ndinapinda mawondo mwaulemu wonse. “Mwaswera bwanji abusa?” Zii. Oitanira minibasi aja anaphulika kuseka, wina n'kukuwa, “Amayi, abusa anuwo akugulitsidwa, atengeni mukaphikire nyemba!” Linali thumba la makala loimika.

Nkhani imeneyi itafika kwa azakhali anu a Ferista, mwana wanga woyamba, anapempha tsiku kuntchito n'kunditengera kuchipatala cha maso. Adokotala anali mayi wausinkhu wa Ferista yemwe, wa timanja tozizira. Anandiunika ndi katochi, ananditseka diso lakumanja n'kundifunsa zala zimene anaimika. Zala? Ine ngakhale mkono sindinauone. Iwo akuti, “Agogo, kumanzereku ng'ala yakhwima, tiyenera kuichotsa. Mubwere pakatha milungu itatu. Lakumanjali likadali bwino, tilisamale.”

Ferista anapita kukatenga chiphaso, ine ndinakhala pa benchi panja. Pambali panga panali bambo wina wachipewa, wa aja odziwa zonse. Anandiweramira. “Mayi, akuuzani kuti achotsa? Amanena choncho kuti musathawe. Amapala.”

Amapala! Ana inu, ine mwana wa ku Shire, kupala ndimakudziwa. Umagwira nsomba kumchira, mpeni khwee, khwee, mamba kuuluka. Ndinaona diso langa lili pathabwa. 

Nthawi yomweyo kutsogolo kwa mabenchi kunaima anamwino, mayi wonenepa bwino wa mawu ngati belu, akuphunzitsa anthu odikira. Ine ndinali kumbuyo, makanda akulira, koma mawu awa okha anandipeza bwinobwino: “Masamba obiriwira monga bonongwe ndi chamwamba, mango, mapapaya, karoti, zonsezi ndi zabwino m'maso!”

Zabwino m'maso! Ndinatsala pang'ono kululutira. Ine ndagulitsa masamba moyo wanga wonse, chamwamba chili kuseri kwa nyumba yanga, mdzukulu wa kanthambi ka m'chitini kaja, ndiye ndikapalitse diso? Si a chipatala omwe anena? Anatigawiranso timapepala tolembedwa. Inu mukudziwa kuti ine ndi zilembo timangodutsana pamsewu osapatsana moni. Kapepala kanga ndinakulungira mchere.

Mmawa mwake ndinathyola chamwamba chanthete, ndi bonongwe pang'ono kuti zithandizane. Ndinasinja m'kamtondo kanga ka nsinjiro, kamene ndimasinjiranso tsabola, koma ndinakatsuka, musandiyang'ane choncho. Ndinafinyira pa kansalu, madzi obiriwira bwino ngati a m'botolo la kusitolo. Ndinagona chagada pamphasa. Kumanzere madontho atatu, kuti ng'ala isungunuke. Kenako ndinaganiza: adokotala aja anati lakumanjali tilisamale. Mlendo sadya yekha mwininyumba akuyang'ana. Kumanjanso madontho atatu.

Kuluma kwake! Koma kwathu tinakula tikumva kuti mankhwala akaluma ndiye kuti apeza matenda. Ndinkavina ndi ululu uku ndikuimba, lumani, lumani, mwampeza mwini wake! Mmawa, masana, madzulo. Madzi otsala ndinkasunga m'kabotolo pawindo, padzuwa, kuti mawa ndisavutike kusinja. Mango okha ndinawakhululukira, poti ndinasowa njira yowalowetsera.

Tsiku lachitatu kumsika, Abiti anandiyang'anitsitsa. “Amwali, diso lanu lafiira ngati la nkhuku yoopsezedwa. Nanga zobiriwira zili patsayazo n'chiyani?”

“Ndi ntchito, amwali, masamba amathimbirira.”

“Kuyambira liti mukugulitsa masamba ndi nkhope?”

Ndinawabisira. Mnzanga wa zaka zonsezo ndinamubisira, poti ndinkafuna ndidzawadzidzimutse onse nditachira.

Tsiku lachisanu ndinadzuka, koma kunja sikunache. Ndinamva atambala, ndinamva ana akupita kusukulu, ndinamva dzuwa likutentha malata, koma kuona ayi. Diso lakumanja linali litatupa ngati dzira, litamatika, mkati mukubaya ngati muli mchenga wa moto. Lakumanzere lili ndi chiperoni chake. Ndinapapasa khoma mpaka pakhomo, n'kukhala pansi. Ine amene ndimaimba ngakhale posamba, tsiku limenelo pakamwa panauma. Ndinkangoganiza: diso limodzi lokha limene linkandiyendetsa, ndalipha ndi manja anga.

Cha m'ma naini ndinamva mapazi ndi fungo la anyezi. Abiti anaona benchi langa lili lokha, anasiyira mnzawo mpunga n'kukwera minibasi ziwiri kudzandiona. Sanapereke ndi moni womwe.

“Amake Ferista! Mwathira chiyani?”

“Chamwamba.”

“Chamwamba cha ndiwo?”

“A chipatala ndi amene ananena.”

“A chipatala ake ati? Inu, mutu waimviwu mumangosenzera dengu basi?”

Anaimbira foni amuna awo, Che Wadi, amene ankayendetsa kalole konyamula katundu wa mumsika. Linali Lachisanu, bambo aja atavala kale mkanjo woyera wa kumzikiti. Anabwera momwemo. Anandikweza kutsogolo ngati mkwatibwi, Abiti atandigwira dzanja, akundikalipira njira yonse osapuma. Che Wadi anangolankhula kamodzi: “Mayi, musiyeni mnzanuyo, diso likumukalipira kale.”

Adokotala a timanja tozizira aja anatsegula disolo n'kuliunika ndi katochi kaja.  Kenako anafunsa chimene ndinathira, ndipo ndinaulula zonse, ndi kamtondo komwe, ndi kabotolo ka pawindo. Anaitanitsa anamwino a mawu ngati belu aja.

Anamwinowo atafika akuti, “Agogo, ine ndinati muthire m'maso?”

“Munati ndi zabwino m'maso.”

“Eya, zabwino m'maso, kutanthauza kuti mukamadya, maso amalimba!”

“Nanga m'maso ndi kuti, mwana wanga? Mukanati zabwino m'kamwa, ine ndikanaika m'kamwa. Mchere ndi wabwino m'ndiwo, timauthira m'ndiwo. Mafuta ndi abwino m'tsitsi, timadzola m'tsitsi.”

Abiti anayamba kuseka, n'kudzigwira pakamwa. Anamwino sanaseke. Ndinamva akukhala pampando, akuti chapansipansi, “Mayo ine, ndakhala ndikunena choncho chaka chonse.” Ndinamva kuti kuyambira tsiku limenelo amati zakudya zothandiza maso, n'kubwereza katatu kuti zodya, zodya, zodya, uku akuloza pakamwa.

Adokotala anandigwira phewa n'kundifotokozera pang'onopang'ono. Anati anamwino sananame: m'masamba obiriwira, m'mango, m'maungu ndi m'karoti muli tinthu tosaoneka timene diso limafuna kuti likhale lamphamvu. Koma tinthu timeneti tilibe njira yachidule. Timalowa pakamwa, kutsikira m'mimba, kukwera m'magazi, ndiye n'kukafika kudiso chakuseri. Ine ndinati, “Ngati wa ku Nancholi wopita ku Limbe, ayambe watsika m'tauni?” Iwo akuti, “Chimodzimodzi, agogo. Mukathira kutsogolo kuno, cholowa ndi tizirombo basi. Ndipo ng'ala ikakhwima, palibe tsamba limene lingaichotse, lodya kapena lothira.”

Pagalasi la diso lakumanja panali patachita chilonda. Anandigoneka m'chipatala, mankhwala a madontho ola lililonse, enieni tsopano. Ferista atafika sanakalipe. Bola akanakalipa! Anangokhala pabedi n'kunena kuti, “Amayi, mukanangondipatsa kapepala kaja ndikuwerengereni.” Mawu amenewo anandiluma kuposa chamwamba.

Chilonda chinapola patapita milungu, koma chinasiya chipsera pakatikati. Suzumirani, musaope, kadontho koyera aka. Diso limeneli tsopano limangondiuza kuti kwacha kapena kwada, uyu ndi munthu kapena ndi chitseko. Adokotala sanandibisire. “Agogo, lakumanjali lafika pamenepa. Chiyembekezo chathu chatsala kumanzere, kuseri kwa ng'ala.” Mwamva? Diso limene ndinkalithawitsa kumpeni ndi limene linatsala kuti lindipulumutse, ndipo njira yake inali yomwe ija ya bambo wachipewa.

Miyezi iwiri ndinakhala kwa Ferista ndikuyenda chogwira khoma, kudikira tsiku. Ankandiphikira chamwamba chotendera, maungu, mbatata yofiira mkati, mapapaya mmawa uliwonse. Akamandipatsa mbale ankati, “Amayi, pakamwa ndi apa,” n'kundigwira mlomo. Mwana wopanda ulemu! Koma ndinkadya, ndinkadya ndithu.

Tsiku litafika ndinauza Abiti kumene ndinasunga nsalu yanga yatsopano, kuti zikavuta asasowe chondiveka. Iwo akuti, “Amwali, amafa ndi diso ndani? Lowani uko, musatichititse manyazi.”

Ana inu, kupala kuja kunali bodza la pabenchi. Anandibaya kajakisoni pambali pa diso, kuluma kwake kosafika ndi kwa nyerere yaikulu. Anandifunditsa nsalu kumaso. Ndinkamva akucheza za mvula, tizitsulo tikulira ngati masupuni a tiyi. Mantha atachoka, nyimbo inabwera yokha pakhosi, ndinayamba kung'ung'udza. Adokotala akuti, “Agogo, kwaya ikhale mawa, mutu usagwedere.” Ndisanamalize kuganiza vesi lachiwiri, ati tamaliza. Anachotsa kagalasi kanga kochita chifunga, n'kuikamo kena koyera. Madzi a tiyi amachedwa kuwira pambaula kuposa pamenepo.

Mmawa mwake anatikhazika pamzere, nkhalamba zokhazokha, aliyense bandeji kudiso ngati tachokera kunkhondo. Inafika nthawi yanga. Anamwino a belu aja anamatula pang'onopang'ono. Kuwala kunandimenya ngati mbama, misozi mbwee. Ndinaphethira, ndinaphethiranso. Kutsogolo kwanga kunali mayi wokalamba wa mpango wobiriwira wa timaluwa tachikasu, akulira.

“Abiti, ndinu? Mpango umenewu ndinkauyesa wotuwa.”

“Ndauvala zaka zinayi pambali panu, amwali.”

Kenako anandiimika kutsogolo kwa chikwangwani cha pakhoma. Ine ndimvekere, “Mwana wanga, ine sukulu ndinangoisuzumira pawindo.” Anamwino akuti, “Ichi n'chanu, agogo, chilibe kuwerenga. Chilembo n'chimodzi chokha, cha miyendo itatu ngati chipeso chothyoka. Inu muzingonena kumene miyendo yaloza.”

Analoza chachikulu cha pamwamba.

“Chaloza ku Limbe!”

Analoza china.

“Chaloza ku Chileka!”

China.

“Chaloza kumwamba kwa Mulungu!”

China.

“Chaloza kumunsi, kwathu ku Shire!”

Nkhalamba za pabenchi zinayamba kuvomera ngati kwaya, ine ndikatsogola, iwo eee, ine ndikatsogola, iwo eee, Che Wadi akuomba m'manja pakhomo. Anamwino akutsika mzere ndi mzere, tizipeso tikuchepa, tikuchepa, ngati mbewa, ngati ziwala, ngati nyerere, ine ndikungoimba, Limbe, Shire, Mulungu, Chileka, Limbe! Titafika pamzere wa tosaoneka n'komwe ndinati, “Apa ndalekeza, totsalato musiyire ana.”

Adokotala analemba pachiphaso changa, anandiyang'ana n'kunena kuti, “Agogo, mwakhoza.”

Mwakhoza! Ine, amake Ferista, wa masamba wa mumsika wa Limbe, imvi mutu wonse, mawu amenewo anali asanandigwerepo chibadwire. Inu mumabwera nawo chaka ndi chaka pamapepala anu a kusukulu ngati n'chinthu wamba. Ine ndinawadikira moyo wonse, ndipo ndinawapeza ndi diso limodzi. Ndinavula nsalu ya paphewa, kuimanga m'chiuno, n'kuvina kuchokera pachikwangwani mpaka pageti, anamwino akundithamangira kumbuyo: “Agogo, osawerama! Osadumpha! Sabata yathunthu osawerama!”

Ndinavina choimirira.